Sefa Imene Inakana Kutseguka

Sefa ya madzi ija ndinabwera nayo ine, n'chifukwa chake ndinkaichitira nsanje. Nyumba ya apongozi anga aamuna ku Nkhotakota ndi yakalekale, mapaipi ake ndi achitsulo, ndipo madzi ankatuluka ofiira ndi dzimbiri. Amuna anga anaimangirira kuseri kwa khitchini, chibotolo chabuluu cholendewera kunsi kwa paipi, n'kubwerera kuntchito ku Dwangwa. Anandiuza kuti chosefera cha m'kati chikada ndizingopotokola chibotolocho n'kuikamo china.

Mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, anali atabwerera pakhomopo ukwati utatha. Sefayo ankainyoza poyera. Ankati iwo anakula ndi madzi a m'nyanja ndipo palibe anafa, zamasefa ndi matama a akazi am'tauni.

Tsiku lina madzi anayamba kutuluka pang'onopang'ono. Ndinagwira chibotolo kuti ndipotokole, koma chinangoti gwa. Chonsecho mlungu wathawo chinkadontha mpaka ndinatchera beseni pansi pake. Ndinachikulunga ndi mphira wa njinga n'kukoka mpaka paipi yakale ija inayamba kugwedera m'khoma, ndiye ndinaleka kuopa kuthyola. Posuzumira ndinaona chinthu chakuda chitauma mozungulira mazinga opotokolera chibotolocho.

Basi mtima wanga unathamangira kwa mlamu. Ndinakumbuka kuti ndinawapezapo ataima pomwepo, ndipo atandiona anasuntha. Masiku atatu ndinkawazonda. Akapita kuseri, ine pawindo. Akandipatsa moni, ndinkati akundiseka chamumtima. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Tsiku lachinayi, iwo akupeta mpunga, ndinawafunsa pamaso pa anansi kuti anamata chiyani pa sefa yanga. Ndinawonjezeranso mawu oipa, akuti munthu amene yake inamukanika asamasokoneze nyumba za eni.

Anamaliza kupeta n'kulowa m'nyumba. M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Liwaladzi, kwa azakhali awo, ndi chikwama chimodzi. Ine ndinati eya, wolakwa wathawa yekha.

Pulambala amene ndinamuitana anabwera Lachisanu. Anatseka mpopi waukulu, anathira madzi otentha pamazinga paja n'kupala ndi mpeni. Atanunkhiza anaseka.

"Mayi, ili ndi phula la maboti. Muli thonje lomwe."

Nthawi imeneyo apongozi anali akutuluka kupita kumzikiti, atavala mkanjo wawo woyera. Iwo anakhoma maboti moyo wawo wonse mpaka maso ndi makutu zinayamba kufooka. Ataona phula pampeni anamwetulira, n'kunena kuti anamata ndi iwo. Anapunthwa pabeseni lija, ndiye ine nditapita kumsika anasungunula phula n'kutseka podontha paja monga ankachitira ndi boti. Mlamu wanga uja anawapeza ali mkati momata, koma iwo anamuletsa kundiuza, poti ankafuna ndidzangopeza zitakonzeka.

Manyazi anandigwira. Chibotolo chinatseguka bwinobwino, pulambala n'kundipatsa m'manja. Apongozi anakonza kofiya wawo, n'kundifunsa mwaulemu wawo uja.

"Mayi, kodi mlamu wanu anati abwera liti? Ine anangondiuza kuti akukaona azakhali ake."

Ndinati sindikudziwa. Kawiri konse ndapitako ku Liwaladzi kukapepesa, ndipo amandilandira bwino, kundiphikira nsomba, kundiperekeza mpaka pamsewu. Koma m'nyumba ya bambo awo sanagonemonso.