Chingwe Chofiira Pakhomo la Amayi

Ndimakumbukirabe chingwe chofiira chimene anachimanga pakhomo la chipinda cha amayi. Chinali chosalala ngati cha makatani a m'tchalitchi, ndipo ife eni nyumba sitinkaloledwa kuchidumpha.

Inali nyengo yozizira ku Matero, zaka za chipani chimodzi, ine ndili giredi folo. Kunabwera akuluakulu pagalimoto, amalume ali patsogolo atavala suti yobwereka. Anati nyumba yathu ndi ya mbiri ya dziko, anthu aziiona, chifukwa nduna ina inabisalamo kale, isanakhale nduna, pothawa apolisi a atsamunda. Zinali zoona. Munthuyo anagona pabedi la makolo anga, amayi akumuphikira ndi kumuchapira. Apolisi atafika n'kupeza atathawa, anatenga atate. Atate anabwerako akutsokomola magazi, ndipo anafera pabedi lomwelo ine ndisanayambe kuyenda.

Amene anavomera ndi amalume. “Ni ulemu uyu, ba sisi, osakana va boma.” Posakhalitsa a chipani anawapatsa utcheyamani wa sekishoni ya m'dera lathu. Ali kumanda tsopano, koma sindinawakhululukire.

Anapaka laimu makoma onse, fungo lake likutitsamwitsa. Anatsitsa chithunzi cha ukwati wa amayi, n'kupachika cha nduna. Amayi anasamukira kukhichini, pamphasa, simenti ikuwalowetsa chisanu m'mafupa, pamene bedi linali lopanda munthu, litayalidwa bulangete latsopano. Loweruka lililonse kunkadzaza alendo: ana a sukulu, azimayi a chipani, azungu a makamera. Ankavundukula mapoto athu. Ankasuzumira ndi m'chimbudzi momwe. Fumbi la nsapato zawo ankakolopa ndi amayi.

Tsiku lina aphunzitsi anabweretsa kalasi lathu. Ine ndinanyada kwambiri, ndikulozera anzanga pamene ndinkagona. Aphunzitsi anaima pakhomo paja n'kunena mokweza kuti, “Apa ndi pamene anagona munthu amene anatimenyera ufulu.” Dzina la atate sanalitchule. Ankalidziwa bwinobwino, ankakhala mseu umodzi ndi ife, pamaliro anabwera.

Panalinso mayi wina, mkazi wa bwana, wa wigi ndi mafuta onunkhira. Anaona amayi atagwada akukolopa pakhonde.

“Ndimwe ba nchito ba pano?”

Amayi anafinya chikolopo, madzi akuda akuchucha m'ndowa. Sanadzutse mutu.

“Inde, amayi.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe kuti nyumba ndi yathu, koma amayi ananditsina pamkono, chikhadabo chikulowa m'khungu. Anzanga anaseka, ena akunong'onezana kuti ndimadzitama ndi nyumba ya eni.

Tsiku limenelo ndinakana kudya. Sindinakwiyire amalume, kapena aphunzitsi, kapena mayi wa wigi uja. Ndinakwiyira amayi, chifukwa chonama pamaso pa anzanga. Sindinkadziwa kuti masiku amenewo mkazi wamasiye woyankha akuluakulu kuti “nyumba ni yanga” ankapeza katundu wake ali panja, ndi kuti bodza limenelo ndilo linatisungira denga.