Pansi pa Galimoto Yofiira ya ku Lucan

Ndikukumbukira tsiku limene bambo anga anandilowetsa pansi pa galimoto ku Lucan, ndili ndi zaka 11, nditavala diresi la kutchalitchi. Linali Lamlungu, titangotuluka ku Misa, kukugwa kamvula ka ku Dublin kaja kosamveka padenga koma kofika mpaka m'mafupa.

Bambo anga anali makanika wa ku Ndirande. Ndikati makanika sindikunena aja ongosintha matayala ayi. Iwo ankakhudzitsa nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chogwirira n'kuchiika kukhutu, n'kukuuza pisitoni imene ikudwala. Koma titafika ku Ireland anakhala zaka six mu hostel ya anthu opempha malo, lamulo losawalola kumanga ngakhale nati imodzi. Manja awo anasalala ngati a wansembe, ndipo zimenezo zinkawapweteka kuposa kuzizira. Mapepala atatuluka tinasamukira ku Finglas, iwo n'kupeza ntchito yosambitsa ndi kunyamula okalamba ku nursing home. Ankaigwira mokhulupirika, koma pobwera kunyumba ankangokhala duu.

Nzeru imene anaipeza inali yakuti agule galimoto yakale ya ku America, zija azungu amati muscle car, aikonze pakhomo pomwepo, anthu odutsa aione, ayambe kuwabweretsera zawo. Galimoto imodziyo ndiyo ikanawabwezera ku masipanala. Zonse zimene anasunga pa zaka ziwiri za mashifiti zinali kupita pamenepo, ndipo mwayi wachiwiri panalibe. Ngakhale ine kamwana ndinkadziwa zimenezo.

Ndinenenso china, kuti mumvetse kupusa kwanga. Kutatsala sabata imodzi kuti tipite ku Lucan, kunyumba kuli alendo, bambo anatchula nambala yolakwika ya basi yopita ku Crumlin, ine n'kuwakonza anthu onse akumva. Alendo atapita sanandimenye. Anangondiimika pakhomo la kitchini n'kundiuza kuti dziko lino lawalanda zambiri, koma mwana wobereka okha sadzawalanda ulemu pagulu. Kunena zoona, mbama ikanakhala bwino.

Ndiye tinafika ku Lucan pa basi, ine, bambo ndi ankolo Mwale, mnzawo wa ku Chipata amene ankadziwa za magalimoto monga mmene ine ndinkadziwira za ndege. Bambo anali mu suti yawo yakuda ndi tayi, kuti wogulitsayo asawaone ngati munthu wa ku hostel. Wogulitsa anali mzungu wachikulire wa ndevu zoyera, wansangala, amene anati galimotoyo anaisiya mchimwene wake. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, boneti yaitali ngati bedi, chiwongolero kumanzere.

Abale inu, ndinaona bambo anga akusanduka munthu wina. Asanalole kuti ilizidwe anaika dzanja pa injini, kuona ngati mwini wake anali ataitenthetseratu pofuna kubisa matenda. Inali yozizira, iwo n'kugwedeza mutu mokhutira. Anasolola oyilo, kumutikita pakati pa zala, kumununkhiza. Anatulutsa kamaginito kokulunga m'kansalu n'kumakayendetsa m'zitseko ndi m'mbali, pofufuza pamene anamata phala m'malo mwa chitsulo. Kanagwira paliponse. Kenaka mzungu uja analiza injini. Phokoso lake sindinalimve ndi makutu okha, ndinalimva m'chifuwa, ndipo mawindo a nyumba anachita kunjenjemera. Fungo la petulo linadzaza pabwalo ponse. Bambo anatchinga hanki yoyera ku ekizozi, inatuluka yoyera. Anaika sikuludiraiva kukhutu, kutsinzina, n'kumwetulira. Ndinali nditaiwala kuti ali ndi mpata m'mano akutsogolo.

Kunatsala pansi. Galimotoyo inali yotsika, simenti yonyowa, bambo ali mu suti. Kwathu galimoto imafa injini, imafa ndi fumbi ndi maenje a mumsewu, koma chitsulo chake chimakhala mpaka zidzukulu. Za mchere umene amathira m'misewu ya kuno nthawi yozizira, umene umadya galimoto kuyambira kunsi, iwo akanazidziwira kuti, munthu wokhala zaka zonsezo osagwira galimoto? Anapempha katoni, kuiyala, kundipatsa tochi.

"Tiyamike, lowa ukaone ngati ikudontha oyilo. Basi, oyilo yekha."

Ndinalowa chagada, madzi akulowa m'malaya kumsana. Kunali mdima ndi fungo la phula. Kunsi konse kunali kopakidwa phula lakuda lonyezimira, looneka latsopano, ndipo oyilo sankadontha pena paliponse. Pofuna kudzikankha kuti ndituluke, ndinagwira chitsulo chachikulu cha chesesi pafupi ndi tayala lakumbuyo. Chala changa chinalowa. Chinalowa ngati mu bisiketi yoviika mu tiyi, zinyenyeswa zofiirira n'kundigwera kumaso. Ndinayesa pena, chapafupi. Chinalowanso.

Nditatulutsa mutu ndinapeza bambo ali pakati pa nkhani, dzanja lili pa boneti. Ankauza ankolo Mwale ndi mzungu uja kuti iwo galimoto amaiona kamodzi kokha, kuti pa zaka zonse za ku Ndirande palibe inawanamizapo. Ankolo ankangoti eya, eya, bwana makanika. Ndinaimirira pambali, diso likuyabwa.

"Ikudontha?"

"Ayi, Adadi, sikudontha."

"Mwamva?" anatero bambo, akutembenukira kwa anzawo, n'kupereka dzanja kwa wogulitsa.

Sindinaname, ndipo chimenecho ndicho chimandinyansa mpaka lero. Anandifunsa za oyilo, ndinayankha za oyilo. Chala cha dzimbiri chija ndinachibisa m'thumba la juzi. Ndinadziuza kuti ndikanena kunyumba, tili awiri.

Kunyumbako sindinanene. Ndikananena bwanji? Munthu amene kwa zaka ankadya ali chete anayamba kuimba nyimbo za kwaya m'bafa. Anagula ovololo ya buluu. Akaweruka ankapukuta galimoto ija mpaka aneba achiairishi kumabwera kudzaisirira, iwo n'kumawafotokozera za injini yake ya V8 m'Chingerezi chawo cha ku Ndirande, osachita manyazi. Mayi anayamba kuseka patebulo. Tsiku lililonse ndinkati mawa, ndipo tsiku lililonse kunena kunkakulirakulira kuvuta, chifukwa tsopano akanandifunsa kuti nanga unakhaliranji chete. Ndinkaopa, ndivomere. Ndinkaopa nkhope yawo kuposa dzimbiri, poti dzimbirilo sindinkadziwa chimene lingachite. Masabata atatu anatha choncho.

Loweruka lina m'mawa anati ayambe ndi mabuleki akumbuyo. Ine ndinali m'kitchini, ndikutsuka makapu, ndikuwaona pawindo. Anaika jeke pa chesesi, pamalo oyenera ndithu, pamene makanika aliyense akanaika, pamene phula linkaoneka lolimba. Anakweza, kuchotsa tayala, kenaka anagwada n'kulowetsa mkono kuti akankhire chipika cha thabwa pansi pake. Ndinaona pamene jekeyo inaima. Ndinapazindikira. Ndinatsegula pakamwa, kapu ili m'manja, ndipo galimoto inatsika. Sipanamveke phokoso lalikulu, inangokhala ngati yakhala pansi. Jeke inali italowa m'chitsulo muja monga chinalowera chala changa.

Kukuwa kwa bambo anga sindikufuna kukulemba. Aneba anayi ndiwo ananyamula galimoto kuti mkono utuluke, ambulansi isanafike. Kuchipatala mkono anaupulumutsa, koma zala za dzanja lamanja sizinapindikenso. Sipanala sangaigwire. Okalamba aja sakanathanso kuwanyamula, ndiye ntchito inathera pomwepo. Galimoto anadzaitenga a zitsulo zakutha, ndipo bambo sanatuluke kukaona ikukwezedwa. Anthu obwera kudzazonda ankati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ena kumatukwana mzungu uja, amene mwina nayenso sankadziwa kanthu. Ine ndinkawagawira tiyi.

Masiku ano zinthu zinasintha. Munthu asanagule galimoto amaifufuza pa foni, amaipititsa ku galaja kuti aikweze m'mwamba aone kunsi konse. Ana athu obadwira kuno ndiye alibe mantha, amakukonza pamaso pa aliyense, m'Chingerezi, osaphethira. Mwana wanga wamkazi akandichita zimenezo magazi amandiwira ndithu, poti nane ndine wa ku Ndirande, koma ndimameza, n'kumufunsa kuti tanena, waona chiyani. Anzanga kutchalitchi amati ndikumulekerera mwana.

Bambo akadali ku Finglas, akalamba. Lamlungu lililonse ndimapita kukawamanga mabatani a shati ndi tayi tisanapite ku Misa. Sindinawauzebe. Ndayesapo kangapo, koma ndimalephera. Mwezi wathawu kunabwera alendo ochokera kumudzi, ndipo bambo anandikoka ndi dzanja lawo lakumanzere kuti andionetse.

"Uyu ndiye mwana," anatero. "Chikulire chake chonsechi, sanayambe wanditsutsapo."

Alendo anandiyamikira kwambiri. Ine ndinati zikomo.