Mpini wa aNambewe

Fungo la mafuta a nsatsi limandikumbutsa agogo anga aamuna, aZakaliya, atakhala pakhonde m'mawa wa chisanu, nkhungu itaphimba phiri, akukazinga nsatsi paphale n'kumatsokomola ndi utsi. Mafutawo sanali odzola ayi. Anali a khasu la malemu akazi awo, aNambewe, limene analipereka ku kanyumba kosungiramo zinthu zakale kwathu kuno, kufupi ndi Bembeke.

Chaka chilichonse tikatha kukolola, mudzi wonse unkapita kukakonza kanyumbako. Amayi ankazira pansi, abambo ankafolera denga ndi kupaka laimu, ena ankabweretsa mbatata ya kachewere yophikira ogwira ntchito. Agogo, anthu osayankhulayankhula, ankangolunjika pa khasu lija. Ankalipaka mafuta pang'onopang'ono, makamaka mpini, umene unali woterera ndiponso woonda pawiri, pamene aNambewe ankagwira zaka zonse zimene analima. Akatero ankaika manja awo pomwepo.

"Chitsulochi n'cha wosula," anandiuza tsiku lina. "Agogo ako ali apa."

Chaka china agogo anadwala chifuwa, ndiye tinafika mochedwa, ine nditawagwira mkono. Tinapeza bambo anga, mwana wawo woyamba, akumwetulira pakhomo. Anali ataona kuti mpini uja wayamba kufumbwa, ndipo paja mlimi akaona mpini wofumbwa manja amamuyabwa. Anaugulula n'kusema watsopano, woyera bwino.

"Bambo, taonani khasu la amayi. Ndalikonza."

Agogo analiyang'ana nthawi yaitali. "Nanga wakale uja?"

Bambo anacheukira kumene kunkachokera utsi. Kuseri kwa kanyumbako kachewere anali akubwata pamoto, ndipo tsiku limenelo nkhuni zinali zitachepa.

Ndinkayembekezera kuti akalipa, koma ayi ndithu. Anangoti, "Wasema bwino, mwana wanga," n'kundipatsira botolo la mafuta losatsegula. Pobwerera analira njira yonse, misozi yokhayokha, ndipo mtima unandiwawa chifukwa ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akulira popanda maliro. Sanapondenso m'kanyumba kaja mpaka tsiku la imfa yawo.

Bambo anazindikira mochedwa zimene anachita. Kuyambira chaka chotsatira, iwo ndi amene ankapaka khasulo mafuta, osauza munthu chifukwa chake, mpaka mpini woyera uja unada ndi manja awo. Nawonso tinawaika m'manda.

Chaka chatha anzanga amene timakonza nawo kanyumbako anandionetsa kuti mpiniwo nawo wafumbwa, ndipo anali atadula kale mtengo woti aseme wina. Ndinawakalipira koopsa, mpaka ena anadabwa kuti kodi mayiyu walowedwa ndi chiyani. Iwo ankayesa kuti ndikulirira khasu la agogo. Ine ndinkakaniza mpini wa bambo anga, womwe uja unaliza agogo.