Tsiku Limene Ndinaimbira mu Msuku

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 4 kachiwiri. Musaseke, aphunzitsi anandikonda kwambiri moti sanafune kuti ndiwasiye msanga. Sukulu yathu inali kufupi ndi boma la Dowa, pamtunda pomwe mphepo yochokera kumapiri a ku Ntchisi imafika isanatope. Kuseri kwa makalasi kunali msuku umodzi waukulu, wotsala pamene anthu ankalambula malo omangapo sukuluyo.

Msuku umenewo ndiwo unali kadzutsa wathu. Miyezi ya mvula, chimanga chitatha m'nkhokwe, ambiri tinkachoka kunyumba m'mimba mulibe kanthu. Tinkalawirira kusukulu osati chifukwa chokonda masamu, koma kuti tikatole masuku ogwa usiku. Lamulo lake tinalipeza: msuku sagwedeza, sagenda, umadikira kuti ukupatse wokha. Wofika mochedwa ankapeza makoko ndi njere zoyamwa kale.

Ndiye kunabwera uthenga wakuti pa tsiku lodzala mitengo kudzafika bwana wamkulu wochokera ku likulu, kudzadzala mbande yoyamba ya bulugama pasukulu pathu. Amene anaisenza nkhaniyi pamutu anali a Kamtedza, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, munthu wamfupi wa jekete lalitali. Litatsala tsiku limodzi anabwera ndi chingwe ndi zikhomo kudzayeza mizere. Zonse zinayenda bwino mpaka chingwe chinakagunda pa msuku.

"Uwu ukuononga mzere," anatero. "Mawa m'mawa, bwana asanafike, ugwe."

Ahedi anayesa kutsokomola, koma mawu sanatsatire. Masiku amenewo ku Dzaleka kunalibe msika ndi magolosale monga mukuonera lero. Kunali ndende, ndipo kuchokera kwathu sikunali kutali. Munthu akafuna kutsutsa tcheyamani ankayamba wayang'ana mbali imeneyo, kenako n'kumeza malovu.

Ine za Dzaleka ndinkangozimvera m'manong'onong'o. Chimene ndinamva bwinobwino n'chakuti akufuna kudula mtengo kuti adzale mitengo, ndipo ngakhale ndinali wobwereza kalasi, samu imeneyo ndinaona kuti alakwitsa ndi iwowo.

M'mawa mwake anyamata awiri a chipani atafika ndi nkhwangwa, anandipeza ndili kale pamphanda, miyendo ili lendelende. Sindinauze munthu aliyense. Makungwa anali onyowa ndi mame, ndipo nyerere zinali zitayamba kale kuyendera kabudula wanga. Ana asukulu anasonkhana. Posakhalitsa a Kamtedza anatulukira.

"Iwe, tsika msanga."

"Za mu msuku sagwedeza, bwana," ndinayankha. "Ndikapsa ndigwa ndekha."

Anzanga anaseka, koma kuseka kwake kunazima msanga.

"Mwana wa yani ameneyu?"

"Wa a Lufeyo, okhoma zidebe kumsika aja," anatero mmodzi wa anyamata a chipani aja.

Dzina la atate litatchulidwa, ndinagwiritsitsa nthambi. A Kamtedza analoza wamtali mwa anyamata awiriwo kuti akwere andikokere pansi. Mnyamatayo anavula nsapato, nakumbatira thunthu. Ndinayang'ana kumwamba, nthambi zotsala zinali zoonda. Kothawira kunalibe.

Sindinganame kuti ndinaganiza mwanzeru. Pakamwa panangotseguka pokha, ndipo chimene chinatuluka ndi nyimbo yotamanda mtsogoleri wa dziko, imodzi mwa zija ankatiimbitsa mpaka kummero kuuma. Ndinaiyamba mokweza, mawu akunjenjemera ngati a mbuzi yomangidwa pamvula.

Chapafupi panali amayi a chipani, atavala nsalu zawo, akudikira kulandira mlendo. Wotsogolera nyimbo anali mayi Nachisale, amene ana awo ankatola nawo masuku m'mawa uliwonse. Anandiyang'ana, nayang'ana nkhwangwa zija. Kenako anamanga nsalu m'chiuno n'kuvomera. Amayi onse anavomera nawo, ng'oma inagunda, ndipo bwalo la gule linazungulira msuku.

Tsono ndiuzeni, ndani akanaletsa nyimbo imeneyo? A Kamtedza anakweza dzanja kuti atontholetse anthu, dzanjalo linaima m'malere, linakumbukira kumene lili, kenako linapeza linzake n'kuyamba kuomba m'manja. Mnyamata uja anakakamira pakati pa thunthu ngati gulo. Kukoka mwendo wa mwana amene akutamanda mtsogoleri, anthu onsewo akuona, sakanayerekeza. Nayenso anayamba kuvomera ali pomwepo.

Mlendo anachedwa, monga amachitira alendo a mtundu umenewo. Nyimbo ikatha ndinkayamba ina. Zitandithera ndinabwereza zoyamba zija. Mawu atasasa, mayi Nachisale ankandilandira osasiya mpata ngakhale wolowetsa singano, uku akundiponyera diso lakuti ukangosiya, watha. Dzuwa linakwera, fumbi linasanduka thope la thukuta, nyerere zinafika kumene sindingatchule m'nyuzipepala.

Galimoto ya boma itafika, bwana anatsika n'kulunjika kumene kunali gule. Dzuwa linali litaswa mtengo, ndipo mthunzi wina pasukulupo panalibe, choncho tebulo la mlendo analisamutsira pansi pa msuku. Bwanayo anayankhulira pomwepo, nayamikira dera limene ngakhale ana ake amaimbira m'mitengo. Anadzala mbande yake, anasamba m'manja, napita. Kuyambira tsiku limenelo panalibe wolimba mtima wodula mtengo umene bwana anaima pansi pake, ndipo a Kamtedza ankauza anthu kuti zoika mwana m'mwamba anakonza ndi iwo.

Koma kuseri sanaiwale. Madzulo omwewo atate anaitanidwa ku ofesi ya chipani. Amayi anga anapinda bulangete n'kuliika pafupi ndi chitseko, ndipo apo m'pamene ndinadziwa kuti Dzaleka si nthano. Atate anabwerako ndithu, koma ndi chilango: kukumba maenje onse otsala odzalamo mitengo, ndi kubwezeretsa mbande iliyonse yodyedwa ndi chiswe mpaka mvula itatha. Zidebe za anthu zinachita dzimbiri kumsika iwo ali ndi khasu kusukulu.

Tsiku loyamba la chilangocho anafika kunyumba manja ali matuza okhaokha. Anathyola nthyole, nandilowetsa m'nyumba, natseka chitseko.

"Mtengo unakwera ndiwe," anatero motsitsa mawu, "koma akanagwa ndine."

"Ndinalakwa, atate?"

"Ndani wanena zolakwa? Ndikuti tsiku lina uzindiuza, ndidzayambe ndadya." Analoza thumba la madeya pakona. "Tsopano lira kwambiri, anansi amve."

Anakwapula thumbalo mpaka fumbi linadzaza nyumba, ine ndikukuwa ndi timawu tosasa tija. Mawa lake mudzi wonse unadziwa kuti a Lufeyo alanga mwana wawo wamwano.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaikamba ngati ya kulimba mtima kwanga, makamaka pamowa. Ukalamba wandiwongola. Mwana mmodzi mu mtengo ndi ntchito yochepa, amangomukoka mwendo. Msuku uja unapulumuka chifukwa pansi panali anthu amene anavomera nyimbo akudziwa bwino chimene akuchita, ndi bambo amene analipira ndi manja ake osandibwezera.

Lero mitengo ya m'mbali mwa mtsinje pa boma pano ikuthera m'mauvuni a njerwa, ndipo adzukulu anga amangodandaula pafoni kuti palibe akuchitapo kanthu. Palibe amene angawatsekere chifukwa cha mtengo, koma onse ali pansi, manja m'thumba. Ine maondo anakana kale, sindingakwere ngakhale chulu. Koma kummero kukadali bwino. Wina akwere, ayambitse, aone ngati sindivomera.