Khutu la Mdzukulu Wanga ndi Lumo la Adokotala

Kutema mphini ndinaphunzira kale kwambiri, kulemba dzina langa ndisanadziwe. Amene ankatema atsikana a m'mudzi mwathu kuno kwa Makhuwira anali azakhali anga, ine ndikuwagwirira chigoba cha makala osinja. Asanagwire lumo ankayamba aitana mayi wa mtsikanayo, nkumuuza kuti atsitse nsalu. Ankaona zipsera zake. Matupi a anthu sapola mofanana. Lina ukalitema limatsekeka bwinobwino, kusiya kamzere. Lina limakwiya, chipsera chimatumphuka, kuwala, kuyabwa, nkumakula chaka ndi chaka mpaka kupitirira pamene lumo linadutsa. Mwana wa mtundu umenewo azakhali ankamubweza, ngakhale alire chotani. Ndipo ankanena kuti chipsera chotere ukachidula chimabwera ndi anzake.

Pofika nthawi ya chipani chimodzi mphini zinali zitatha. Kutchalitchi ankati nzachikunja, kusukulu ankati nzaumbuli. Koma anthu omwewo ankaboola ana makutu ndi singano yosokera matumba a thonje, osafunsa munthu, osaona thupi la mayi kapena la gogo. Chimenecho ndiye ankachitcha chitukuko.

Mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa mwana wanga woyamba, anali atangotha msinkhu. Ndinali nditaletsa kale kuti khutu lake lisakhudzidwe, chifukwa ndinali nditaona chifuwa cha asewere anga, mayi ake a mkamwini wanga, tsiku lina tikusamba kumtsinje. Anali ndi chipsera chotumphuka, chinthu ngati nkhanu yogona pakati pa mabere. Sindinawafunse. Sitinkafunsana zambiri ine ndi mayi amenewo. Iwo anali Asena ochokera kutsidya kwa Marka, ndipo kwawo ana ndi a bambo. Kwathu ana ndi a mayi. Mwanayu atangobadwa anabwera kudzanena kuti akakula pang'ono amutenga. Ndinawauza kuti akatenge mwana wawo wamwamunayo, ameneyo ndiye anabereka. Kuyambira pamenepo tinkangopatsana moni wapanjira, ndipo mdzukulu wanga ndinamuletsa kulawa ngakhale madzi a pakhomo pawo.

Ndiye kunabwera mayi wapampando wa amayi a chipani m'dera lathu, mayi wonenepa wokonda kuloza anthu ndi ambulera. Anali kusankha atsikana okavina pamsonkhano waukulu kuboma, ndipo ankafuna onse afanane: nsalu imodzi, duku limodzi, ndolo m'makutu. Ine ndinali kudimba tsiku limenelo. Pobwera ndinapeza mwana ali ndi timitengo taudzu m'makutu onse awiri, mayi ake akuyang'ana kumbali.

"Iwe, ndinakuuza chiyani?"

"Amayi, ndikanakana bwanji? Mukufuna atilembe kuti tikudana ndi chipani?"

"Pakamwa unalibe ponena kuti mwana akudwala malungo?"

"Ana onse aboola, amayi. Palibe wafa."

Mwana wanga ameneyu ndinamubereka ndekha, koma nzeru zake sindidziwa anazitola kuti.

Khutu lakumanja linapola. Lakumanzere linayamba kanthu kumbuyo, kolimba, ngati njere ya mapira. Pokolola thonje kanali ngati nandolo. Mvula ikubweranso kanali ngati chipatso cha masau chakupsa, kakulendewera, kakuyabwa. Anzake kusukulu anayamba kumutchula mayina, mwana nkumamanga duku mpaka m'masaya, dzuwa la kuno lija. Ine ndinati chisiyidwe, chikula pang'ono kenako chiima. Mkamwini wanga, yemwe ankagwira ntchito kuminda ya nzimbe ndipo ankadziyesa mzungu chifukwa cha nsapato za jombo, anati mwana apite kuchipatala. Ndinapita nawo, osati chifukwa ndinavomera, koma kuti ndikaone ndi maso anga chimene akamuchite.

Tinawoloka Shire pabwato, tinaonetsa makadi a chipani pachipata, tinakhala pabenchi mpaka dzuwa pamutu. Amene anatiitana anali mwamuna wongotuluka kumene kusukulu, malaya oyera osita bwino, zolembera zitatu m'thumba. Sanali dokotala weniweni, anali mwa aja othandizira, koma tonse tinkati adokotala ndipo iye sankakana. Anatsina chotupacho, nkumwetulira ngati watola chinthu panjira.

"Ichi nchaching'ono, agogo. Tidula lero lomwe."

"Mukadula chibweranso, adokotala."

"Wakuuzani ndani?"

"Maso angawa."

Anaseka, nkutsitsa buku lalikulu pashelefu. Anali wokonda kuphunzitsa, makamaka pamene anamwino akumvera. Ananditsegulira tsamba la zithunzi zofiirira, mizeremizere ndi timadontho. Ati mkati mwa thupi muli nyama yomanga ziwalo pamodzi, ndipo nyama imeneyo ili ndi ulusi wa mitundu itatu. Wina ngwolimba ngati chingwe cha khonje, sutamuka. Wina umatamuka nkubwerera ngati mphira. Wachitatu ngwopyapyala, wolukana ngati ukonde. Timadonthoto ati ndi maselo, ena oluka ulusiwo, ena odya zonyansa zolowa pabala, ena osunga mafuta. Pena ulusi umakhala wotayana, pena wothinana. Pakhutu la mwanayu, ati, oluka aja aluka mopitiriza, basi.

Ndinamumvera mpaka anamaliza. Zonsezo ndinali nditazigwira ndi manja kuyambira ndili mtsikana. Aliyense wosenda mbuzi amadziwa kanembanemba koyera kamene kamagwira chikopa ku nyama, kong'ambika ndi chala. Amadziwa mtsempha wa kumwendo umene mpeni umaterera, ndi uja wachikasu wa pakhosi la ng'ombe umene ungautafune mpaka mawa. Iye anazipeza m'buku, zopakidwa utoto, nkumaganiza kuti zinayamba ndi bukulo.

"Ndamva, adokotala. Nanga oluka anuwo, mukadula, mudula ndi iwo omwe?"

"Ena atsala, kuti bala lipole."

"Ndiye amene analuka mopitiriza pabala la singano, pabala la mpeni adzaluka pang'ono?"

Namwino wina anatsokomola. Adokotala anatseka buku.

"Agogo, kodi mukukayikira chipatala cha boma?"

Masiku amenewo funso lotere silinali funso. Mkamwini wanga anayamba kupepesa, akupotokola chipewa m'manja.

Adokotala anamubaya mwana jakisoni, anadula, anasoka. Kanyamako anakaponya m'kabotolo ka madzi onunkha, nkulembapo. Ndinafunsa kumene kakupita. Ati ku Blantyre, akakaone pamakina. Ndinati kwathu tsitsi lomwe timakwirira, zikhadabo sititaya pabwalo, ndiye nyama ya mwana ikwere basi yokha kupita kwa anthu osawadziwa? Ati ndi lamulo. Sikanabwerenso. Kunabwera pepala, patapita miyezi, lonena kuti si matenda oopsa, ndi ulusi wochuluka chabe. Anthu ophunzira a mumzinda anafunika makina ndi miyezi kuti anene zimene ndinanena ndili chiimire.

Miyezi iwiri yoyamba khutu linali losalala, ndipo mkamwini wanga ankayenda pakhomo panga ngati tambala. Mwezi wachitatu mwana anayamba kukanda. Pamene panadutsa ulusi wosokera, paboo lililonse, panatuluka kanthu kake. Chaka chisanathe zinalumikizana, chinthu chonga dzira la nkhuku, chikukokera khutu pansi, china chikukwera chakumtunda kumene kuli kafupa kofewa. Bambo ake anabwerera naye kuchipatala ine osadziwa. Anabwera ndi tsiku lolembedwa pakapepala. Adokotala ati ulendo woyamba sanadule mokwanira, tsopano adula mozama, achotsa ndi nsonga ya khutu yomwe.

Ndinawerenga masiku, anali asanu ndi anayi. Kukana poyera sindikanatha, chifukwa bambo ake anali atavomera, ndipo mayi wapampando anali atayamba kale kunena kuti pakhomo panga pali nkhalamba yonyoza zaboma. Kumubisa mwana kunalibe koti ndimubise, m'mudzi aliyense ali ndi maso ndipo theka la masowo limaonera achipani. Mawu anga anali atagonja kale kwa buku. Chotsala chinali kumuonetsa munthuyo chinthu choti achigwire ndi dzanja lake, ndipo chinthucho chinali pachifuwa cha mayi amene ndinalumbira kuti sindidzaponda pakhomo pake.

Ndinapita m'mawa. Ndinawapeza akusenda chinangwa. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, sanandiyalire mphasa.

"Asewere, mwasochera?"

"Sindinasochere. Ndabwera ndi nkhani ya khutu la mwana."

"Mwana wa yani?"

Ndinafotokoza zonse, ndipo ndinawafunsa za chinthu chija. Anati chinayamba ndi kachiphuphu ali mtsikana. Sing'anga anachitema koyamba, chinakula. Azungu a kutsidya anachidula kachiwiri ndi kachitatu, chinamera miyendo. Kuyambira pamenepo sanalole munthu kuchikhudza, ndipo chinaima chokha.

"Ndiye mukufuna ndikavule pamaso pa mwamuna wa msinkhu wa mwana wanga?"

"Ndi zimenezo."

"Nkhabe," anakana m'chiyankhulo cha kwawo. Anapitiriza kusenda. Kenako anati, "Zaka zonsezi mumati mwanayu ndi wa kwanu, kwathu anangotengako dzina. Lero thupi lakelo ndi la yani?"

"Khutu lokhalo ndi lanu."

"Nenani bwino, asewere. Makutu anga ndi okalamba."

"Thupi lake ndi la kwanu."

"Takhuta," anathokoza mwa kwawo. "Ndipo azibwera kuno, azidya kuno. Ndatopa kuona mdzukulu wanga akudutsa pamsewu ngati ndine mfiti."

Ndinavomera. Sindinakhulupirire mphika wawo tsiku limenelo ndipo sindinaukhulupirire mpaka anamwalira, koma ndinavomera.

Tsiku lolembedwa lija tinawoloka anthu anayi: ine, iwo, mwana ndi bambo ake, amene njira yonse ankangopukuta thukuta posadziwa chimene nkhalamba ziwiri zodana zapangana. Adokotala anali atayala kale zitsulo zawo pathebulo. Atationa anati, "Lero mwabwera ndi mboni, agogo?"

Asewere anamasula nsalu, nkuitsitsa mpaka m'chiuno, pomwepo, anamwino ali pomwepo, mwana wawo wamwamuna akuthawira pakhonde. Chinthucho chinali chachikulu kuposa mmene ndinachionera kumtsinje, chakuda, chowala, miyendo yake itafika m'mapewa.

"Gwira, mwanawe," anatero kwa adokotala. "Apa ndi pa sing'anga. Apa ndi pa mzungu woyamba. Apa ndi pa mzungu wachiwiri, ameneyo anati adula mozama. Uyu ndi mwana wa mwana wanga. Tenga mpeni wakowo."

Anagwira. Anayendetsa chala m'mbali mwake nthawi yaitali. Anafunsa zaka, anafunsa ngati alipo ena pamtundu pawo, asewere nkutchula mlongo wawo ndi azakhali awo. Anatsitsanso buku lija, natsegula chakumapeto kwenikweni, kumene masamba anali oyera osagwidwagwidwa. Anawerenga milomo ikugwedera. Kenako anatembenukira kwa anamwino, osati kwa ife, nkuwauza mokweza kuti aone bwino, chotupa cha mtundu uwu chimayenda m'magazi ndipo sichifuna mpeni, iye waganiza zoti asadule. Waganiza iye! Ine ndinali nditaima pambali pake ngati mtondo.

Anatipatsa mafuta opaka kuti kuyabwa kuchepe, nkuti tizimanga khutulo mothina ndi bandeji. Zitsulo anazibwezera m'mbale. Sanandiyang'ane mpaka tinatuluka, ndipo ine sindinathokoze.

Pabwato pobwerera asewere anatulutsa mbatata yootcha pamfundo ya nsalu yawo, nkuinyema, nkupatsa mwana. Dzanja langa linanyamuka lokha kuti liilande. Iwo anandiyang'ana. Ndinalibweza pamwendo, mwana nkudya.

Chotupacho chinakulabe pang'ono chaka chimenecho, kenako chinaima, nkufewa ndi zaka. Sichinachoke. Mdzukulu wanga lero ndi mayi wa ana ake, amagulitsa nsomba zouma pamsika, ndipo duku amamangira chakumanzere. Khutu lili pamalo pake, lathunthu, ndipo limamva bwino kuposa la mwamuna wake.