Mng'oma Wotsiriza wa a Blasius

A Blasius, oyandikana nane nyumba kuno kumtunda kwa Ulongwe, anakulira m'njuchi. Bambo awo anawasiyira ming'oma yodzaza phiri, moti pa unyamata ankayenda nkhope ili yotupa ngati dzungu, ife n'kumati ayamba kunenepa. Akazi awo, a Bernadetta, anawakopa ndi chisa cha uchi, poti nkhope ijayo sikanathandiza.

Kenako mitengo inapita ku makala. Odula tinali ife tomwe, musayang'ane kutali. Maluwa atasowa njuchi zinayamba kusamuka, mpaka chaka chatha mng'oma unatsala umodzi, mu mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. M'mawa a Blasius ankayamba kulonjera mng'omawo, akazi awo pambuyo.

Ndiye kunabwera mlangizi wa bungwe lina pa njinga yamoto. Anati m'chilimwe njuchi tizizipatsa madzi a shuga kuti zisathawe. Anatinso zikakhuta zimapanga phala loyera lodyetsera kamwana kodzakhala make njuchi, mayi woikira mazira onse, ndipo phala limenelo kunja amalifuna kuposa uchi. Anationetsa chithunzi pa foni, n'kuliza njinga. Sitinamuonenso.

Shuga amene analipo m'nyumbamo anali wa mandasi omwe a Bernadetta amagulitsa pa siteji. Anayamba kutha msanga.

"Bambo a Emmie, shuga wanga wamera miyendo kodi?"

"Iyayi, mwina nyerere."

"Nyerere zotsegula chigubu n'kutsekanso? Makasitomala akuti mandasi anga akukoma ngati siponji ya matiresi!"

Ine ndinkasuzumira pa mpanda n'kumati, "Achimwene, alendo anuwo mkaka safuna? Tiyi wosaika mkaka adzakunyozani nawo."

Koma njuchi zinakhaladi. Kutatentha mu Okutobala, a Blasius anatsegula mng'oma n'kupeza timatumba tolendewera pa zisa, tooneka ngati makoko a mtedza. M'kati mwa kalikonse munali phala loyera lija, pamwamba pake kamphutsi. Anandikuwira ngati nyumba ikupsa.

"Mdala iwe wa pakamwa, bwera udzaone! Usekenso!"

Anatenga supuni ya tiyi, n'kukokota timatumba tonse osasiyako n'kamodzi komwe. Timphutsi anataya pansi, nkhuku zinathokoza. Phalalo anaika m'kabotolo ka mafuta odzola, ndipo silinabise n'pansi pomwe.

M'mawa mwake anavala jekete ya ku tchalitchi, kabotolo m'thumba la pachifuwa, n'kukwera minibasi ya ku Balaka dzuwa lili phwee. Pa sitolo ina ya mankhwala, mtsikana wogulitsa ananunkhiza n'kukwinya mphuno.

"Agogo, ichi chasasa. Komanso ife sitigula zotere. Amati chimachiza chiyani?"

A Blasius anabweza kabotolo m'thumba, poti mlangizi uja sanafike pamenepo. Anazungulira msika wonse mpaka kusiteshoni ya sitima, n'kubwera nako kabotolo kawo. Ine ndinali nditakonza mawu owalandirira, koma nditaona mmene ankakokera mapazi ndinawameza.

Zitatero njuchi zinayamba kuchepa. Shuga ankaika, koma pakhomo pa mng'oma panali zii. Tsiku lina anatulutsa zisa zonse, n'kumayang'ana chimodzichimodzi pa dzuwa. Dzira panalibe, ana panalibe, make njuchi osaoneka. Anakhala pansi pa fumbi.

"Mayi wawo anali atafa kale," anatero, osandiyang'ana. "Timphutsi tija zinkalera kuti kamodzi kalowe m'malo mwake. Ndinapatsa nkhuku."

Munthu amene wafula uchi moyo wake wonse, timatumba timeneto ankatidziwa. Koma atationa tsiku lija, m'maso mwawo munali chithunzi cha pa foni basi.

A Bernadetta analeka kukalipa. Anayamba kusungunula okha shuga m'kambale n'kumawapatsira, ngakhale ankadziwa kuti akumwa ndi nyerere. Tsopano nyerere zenizeni.

Mvula yoyamba isanagwe, mng'oma unali mbee. Ndinaugogoda ndi ndodo, unangolira ngati chidebe.

Dzulo a Blasius anabwera kudzabwereka nkhwangwa yanga.

"Ya chiyani, achimwene? Njuchi zayamba kudya nkhuni?"

Sanaseke. "Mango uja mthunzi wake ulibenso ntchito. Mutuluka makala abwino."

Ndinanama kuti mpini unathyoka. Anapita kukabwereka kwa a Zubairu, oyandikana nafe ena.