Mkamwini Woyenda Wopanda Khasu

Ntchito ya kumgodi wa ku Chipanga, ku Moatize, itatha ndinabwerera ku Zobue ndi malata a nyumba ndi chifuwa. Malatawo anthu anawaona, nawayamikira. Chifuwa palibe ankachiona, poti kunja ndinali ndidakali munthu wathunthu, mapewa anga omwe aja. Zaka zonse zija ndinkaima pamphambano pafupi ndi dzenje la malasha, kukupizira mbendera zimalole zonyamula miyala, fumbi likulowa paliponse. Masikara ankatipatsa, sindinganame. Koma ndi dzuwa la ku Moatize lija, ndani angapirire nsalu kukamwa tsiku lonse? Yanga inkakhalira pachibwano.

Ku Zobue ndili pachikamwini, kwawo kwa akazi anga. Munda ndi wawo, pamene pali nyumba ndi pawo, ana athu atatu pamwambo ndi awonso. Mkamwini amadziwika ndi khasu. Tsono ine khasu linandikana. Mizere iwiri yokha, ndayamba wefuwefu, m'maso mwada bii.

Kuchipatala ku Moatize anandijambula m'chifuwa, anayeza makhololo, TB sanaipeze. Namwino wina wochepa thupi, wolankhula Chinyungwe chothamanga, anandiveka kachipangizo kuchala n'kundiyendetsa m'khonde uku ndi uku kwa mphindi zisanu ndi imodzi, iye akulemba. Atatha anandiuza mosapsatira kuti m'mapapo muli zipsera, ndipo zipsera sizichoka. Anandipatsa kabomba kopopera m'kamwa, koma anati mankhwala aakulu ndi kuyenda tsiku lililonse, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Befu likabwera ndiziima, ndikoke mpweya ndi mphuno, ndiutulutse mosafulumira milomo nditaisongola ngati ndikuuzira phala la mwana. Ndikangodzigoneka, anatero, miyendo idzafooka, befu lidzakula.

Ndinapsa mtima. Kukwera shapa, minibasi zathu zija, mtunda wonsewo kuti kamtsikana kandiuze kuti ndiziyenda! Ndinabwera ndi mutu kodi? Komabe ndinayamba, chifukwa kukhala pansi kunkandipengetsa. Chibadwire sindine munthu wokhazikika. Sabata yoyamba ndinkafika pamtengo wa mango wa kuseri kwa khola. Kenako pamjigo. Patatha miyezi iwiri ndinkafika kumsewu wa tala, kumene malole amandanda podikira kuwoloka malire, n'kubwerera nditangoima katatu. Ndinkasangalala ngati mwana.

Mudzi unkaona zina. Unkaona bambo wamphumphu akudutsa m'mawa uliwonse manja ali lende, mkazi wake atawerama yekha m'munda. Milomo yosongola ija ankati ndikuimba likhweru. Amayi a pamjigo anandipatsa dzina, a Fisikali, kapitawo woyendera ntchito, ati ndimayendera minda ya eni. Alamu anga, mchimwene wa akazi anga, ananena pamaliro anthu akumva kuti miyendo yanga yopitira kumsewu ili bwino, yathyoka ndi yopitira kumunda. Ndinawayankha zoti sindingalembe pano. Kufotokoza ndinayesa, koma kwathu wodwala amagona, anthu n'kumabwera kudzamuzonda. Wodwala woyendayenda sanamuonepo.

Akazi anga anatopa nazo. Tsiku lina akuchokera kumunda anandipempha, osandiyang'ana, kuti ndingokhala pamphasa, ndidwale monga adwalira anthu, mwina atisiya. Ndinamvera. Masiku anayi ndinagubuduzika pamphasapo, kumvetsera malole akulira kumtunda, kuwerenga misomali ya malata anga. Anthu anayambadi kubwera ndi nkhope zachisoni, wina anabweretsa nthochi. Tsiku lachisanu ndinalephera kufika kuchimbudzi osagwira khoma. Ndinachita mantha. Ndinakalipira akazi anga kuti akufuna kundiika m'manda ndili moyo, mawu amene mpaka lero amandichititsa manyazi, ndipo m'mawa mwake ndinayambanso kuyenda.

Pamenepo ndiye zinavuta. Anthu anati mwaona, nthochi wadya, wadzuka. Apongozi anga, mayi a akazi anga, anatumiza uthenga kwa ankhoswe kuti abwere Loweruka. Aliyense amadziwa mathero a nkhani zotere: mkamwini amanyamula bulangete lake, ana amatsala. Kwathu ku Kambulatsitsi makolo anatha kale. Kupita ndikanapita, koma ana anga ndikanawaona liti?

Lachinayi ndinatuluka mtima uli m'mwamba, ndipo ndinayenda mwaukali, mofulumira kuposa mmene anandiuzira namwino. Ndinasiya njira yanga, n'kutenga kanjira kokwera pakati pa minda ya chimanga. Pakati pa chitunda befu linandigwira pakhosi. Kabomba kaja ndinali nditakaiwala pawindo. Ndinawerama, manja pamaondo, m'chifuwa mukulira ngati chitseko chadzimbiri.

Nditadzutsa maso ndinaona apongozi akutsika, khasu paphewa. Kwathu mkamwini sakumana ndi apongozi ake maso ndi maso panjira. Umapatuka, kulowa m'tchire, n'kunjuta mpaka adutse. Zaka khumi ndi zinayi ndinali ndisanaphonyepo. Tsiku limenelo mwendo unakana kunyamuka. Ndinangoima pakati pa njira ngati chitsa, malovu akutuluka, ndikuyesa kusongola milomo.

Iwo anaima. Sanadutse, sanabwerere. Anatembenukira kuchimanga, kundipatsa msana monga mwa ulemu wake, koma sanachoke. Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinakoka ndi mphuno, kutulutsa, kukoka, kutulutsa, mpaka kulira kuja kunayamba kuchepa. Nditatha kuwongoka, iwo ndi amene analowa m'chimanga chonyowa ndi mame, n'kundisiyira njira. Ndinafika kunyumba ndikudziwa kuti ndawonjezera mlandu wamwano pamwamba pa ulesi.

Loweruka tinakhala pabwalo, ankhoswe mbali zonse. Alamu anayala nkhani yawo bwinobwino, sanasiye ndi nthochi zomwe. Ine lilime linkandiyabwa, koma nkhoswe yanga inandiponda chala. Atafunsidwa apongozi, anasalaza chitenje pamaondo. Kenako anayamba kunena za amuna awo, amene ine sindinawapeze. Ndinkangodziwa kuti anamwalira banja lisanathawire ku Malawi nthawi ya nkhondo. Anati ankagwira ntchito m'migodi yakale ya pansi ku Moatize komweko, ndipo anabwerako akupuma movutika.

"Kulira kumene ndinakumva m'chifuwa mwa bambo awa Lachinayi, ndinakumvapo kale," anatero, maso ali pansi. "Amuna anga aja tinawakonda. Tinawayalira mphasa, tinawaletsa ngakhale kutunga madzi akumwa. Mvula imodzi yokha, sanadzukenso. Ndinawagoneka ndine."

Alamu anatsegula pakamwa, koma mayi awo anakweza dzanja.

"Awa asiyeni ayende."

Akazi anga anaphimba nkhope ndi mpango. Ine, munthu wa pakamwa ngati ine, ndinangowomba m'manja pang'onopang'ono, misozi ikugwera m'fumbi.